Ulendo wa kwawo kwa Brendan Cummins, goloboyi wa Tipperary

Lolemba, Dublin

Abale anga, tchuthi chayamba ndipo chaka chino sindikhala m'nyumba. Alamu anga, amuna a achemwali, ndi mbadwa ya boma la Tipperary kuno ku Ireland, ndipo chidziwiranireni sitinachezepo za mpira iwo osatchula dzina la Brendan Cummins, goloboyi wa masewero a hurling. Atamva kuti kusekondale ndinkagwira pagolo anati, "Alamu, tiyeni ndikakuonetseni kumene anakulira munthu amene anaima pagolo la boma lathu kuyambira 1995 mpaka 2013." Ndiye tikuyenda awiri pa galimoto yawo, ndipo madzulo aliwonse ndizikulemberani zimene ndaona.

Masewero a hurling kwathu sitiwadziwa, choncho ndifotokoze kaye. Mbali iliyonse kumakhala osewera 15, aliyense ndi ndodo yotchedwa hurley, yosema kuchokera ku mtengo wa ash. Ikufanana ndi mthiko waukulu wophikira nsima ya pamaliro, kungoti kumutu kwake ndi kokhota. Kampira kake amakatcha sliotar. N'kachikopa, kolimba gwa, kokwana m'dzanja limodzi, ndipo kakamenyedwa bwino kamatha kuthamanga makilomita oposa 150 pa ola. Golo lili ndi mitengo iwiri yaitali ndi wina wopingasa. Kampira kakadutsa pamwamba pa wopingasawo ndi pointi imodzi, kakagwedeza ukonde ndi chigoli, ndipo chigoli chimodzi ndi mapointi atatu. Mukaona ndalemba 2-18, ndiye kuti zigoli ziwiri ndi mapointi 18, zonse pamodzi 24.

Tayambira pa bwalo la Croke Park, limene limalowa anthu 82,300. Kunsi kwa mbali imodzi ya bwaloli kuli nyumba yosungiramo zakale za bungwe la GAA, lomwe limayendetsa masewerowa. Mmenemo ndagwira sliotar ndi manja anga. Ili ndi misoko iwiri yotukuka, ndipo ukaifinya siibonyera ngakhale pang'ono. Ndaima n'kumaganiza za munthu amene ntchito yake ndi kutchinga kanthu kameneka m'golo la mamita 6.5 m'lifupi ndi 2.5 kupita m'mwamba, alibe magolovesi, alibe chotchinga pachifuwa. Chomwe ali nacho ndi ndodo yamutu wotakasukirapo kuposa ya anzake, dzanja lake, ndi thupi lake. Zipewa zoteteza kumutu ndi kumaso anazikakamiza kwa osewera onse kuyambira mu 2010. Zaka zonse za m'mbuyomo Cummins ankaima pagolo mutu uli pamtunda.

Wotionetsa malo anatiimitsa pa mbali ya bwalo yotchedwa Hogan Stand. Pa 21 November 1920, pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, asilikali ndi apolisi a boma la Britain anawombera khamu limene linkaonera mpira wa Gaelic (mpira wa kuno womenya ndi miyendo komanso kugwira ndi manja) pakati pa Tipperary ndi Dublin. Anthu 14 anafa, mmodzi mwa iwo Michael Hogan, wosewera wa Tipperary wochokera ku Grangemockler. Alamu anavula kapusi. Pa masitepe a mbali yomweyi ndi pamene kaputeni wa timu yopambana amakwera kukalandira chikho cha dziko lonse cha hurling, chotchedwa Liam MacCarthy.

Chimene chandigwira mtima kwambiri lero ndi ichi. Anthu 82,300 amalipira pakhomo, mawailesi akanema amaonetsa, koma osewerawo salandira malipiro. Ena ndi aphunzitsi, ena alimi, ena apolisi. Cummins ankagwira ntchito ku banki, n'kumapita kokonzekera masewero akaweruka. Palibenso zogulana osewera. Umasewerera kalabu ya parishi yakwanu, ndipo ukaoneka kuti uli ndi luso amakuitana ku timu ya boma lako. Basi. Ndikufuna kumvetsa chimene chimamulimbitsa munthu kuchita zimenezi mpaka ali ndi zaka 38.

Lachiwiri, Thurles ndi Holycross

Tinadzuka m'mamawa n'kutsika ndi msewu wa kummwera chakumadzulo. Titangolowa m'boma la Tipperary mbendera za buluu ndi golide zinayamba kuoneka m'mageti ndi pa mathirakitala. M'midzi ina munalinso mbendera zina zamitundu yosiyana, ndipo alamu anati zimenezo ndi za makalabu, chifukwa mwezi uno wa August ndi nyengo ya mipikisano ya maparishi. Masiku ano fainolo ya dziko lonse imaseweredwa mu July, koma nthawi ya Cummins inkakhala mu September.

Thurles ndi tauni yaing'ono, koma ndi kumene zonse zinayambira. Pa Liberty Square pali hotela ya Hayes. M'chipinda china cha hotelayi, pa 1 November 1884, amuna ochepa motsogozedwa ndi Michael Cusack wa ku Clare anakhazikitsa GAA, n'kusankha Maurice Davin kukhala mtsogoleri woyamba. Masewero a makolo awo anali akuzilala pansi pa ulamuliro wa atsamunda, ndipo iwo anafuna kuwadzutsa parishi ndi parishi. Tinamwa tiyi momwemo, kenako tinayenda wapansi kuwoloka mlatho wa njanji kupita ku Semple Stadium, bwalo la anthu pafupifupi 45,000. Anthu a hurling amati kapinga wa pamenepa alibe mnzake m'dziko muno. Ndinasuzumira pa geti. Wametedwa mofanana kuyambira golo ili mpaka lija, mtunda wa mamita pafupifupi 145, wautali kuposa bwalo lililonse la mpira wamiyendo limene ndinalionapo.

Alamu anayamba kundiwerengera magoloboyi a boma lawo. Anayambira pa Tony Reddin, amene anabadwira ku Galway, sankamva bwino, koma anatchinga pagolo pamene Tipperary inatenga chikho zaka zitatu zotsatizana, 1949, 1950 ndi 1951. Anatchula Ken Hogan wa zikho za 1989 ndi 1991. Kenako Cummins, wobadwa pa 11 May 1975, amene anayamba mpikisano waukulu mu 1995 ali ndi zaka 20.

Chikho sichinabwere msanga. Mu 1997 anafika mu fainolo n'kugonja kwa Clare ndi pointi imodzi yokha, 0-20 kwa 2-13. Chakumapeto kwenikweni John Leahy wa Tipperary anamenya kampira kolunjika m'golo, koma goloboyi wa Clare, Davy Fitzgerald, anakatchinga. Cummins anali ku golo linalo, ali ndi zaka 22, akuonera goloboyi mnzake akuwalanda chikho m'manja. Anadikira mpaka 2001, pansi pa kochi Nicky English, pamene anagonjetsa Galway 2-18 kwa 2-15, Mark O'Leary atamwetsa zigoli zonse ziwiri ndipo Tommy Dunne atanyamula chikho. Pofika pamenepo n'kuti Cummins atasankhidwa kale kukhala goloboyi wopambana wa chaka mu 2000, ndipo anasankhidwanso mu 2001. Ulemu umenewu amautcha All Star.

Masana tinapita ku Holycross, kamudzi ka m'mbali mwa mtsinje wa Suir, komwe kuli tchalitchi chakale cha amonke chimene anachikonzanso n'kuyamba kupemphereramo. Kuno ndi kwawo kwa John Doyle, amene anawina zikho za dziko lonse zisanu ndi zitatu. Kunonso ndi kwawo kwa Ambuye John Ryan, wansembe wa chipani cha St Patrick amene ankaphunzitsa masamu pa Mzuzu University, ndipo mu 2016 anasankhidwa kukhala episkopi wa Mzuzu. Amayi ena okalamba amene ankakonza maluwa m'tchalitchimo atamva kuti ndine wa ku Malawi anasiya zonse n'kundigwira dzanja kwa nthawi yaitali. Dzina la Mzuzu analitchula bwinobwino.

Lachitatu, Ardfinnan ndi Goatenbridge

Lero ndiye tafika kwawo kwenikweni. Ardfinnan ili kummwera kwa tauni ya Cahir, pa mtsinje womwe uja wa Suir. Pali mlatho wamiyala wautali, ndipo pamwamba pa phiri pali linga limene linamangidwa mu 1185. M'parishi imeneyi muli makalabu awiri. Ya Ardfinnan ndi ya mpira wa Gaelic, ndipo ya Ballybacon-Grange ndi ya hurling. Cummins ankasewera zonse ziwiri, ndipo kwa zaka zingapo ankasewereranso timu ya boma ya mpira wa Gaelic, kumeneko ali kutsogolo, womwetsa mapointi.

Apa mpofunika kumvetsa bwino. Makalabu otchuka pa hurling m'boma la Tipperary ali chapakati ndi kumpoto, monga Thurles Sarsfields ndi Toomevara. Kuno kummwera anthu ambiri amakonda mpira wa Gaelic. Ballybacon-Grange ndi kalabu yaing'ono ya m'magawo apansi. Mnyamata wochokera kumalo otere kuti aoneke amayenera kuchita kuposa anzake, ndipo akatchuka amabwerera komweko, chifukwa kwina kulibe kopita. Goloboyi amene Lamulungu lina waima pamaso pa anthu 80,000, sabata yotsatira amaima pa kabwalo ka kumudzi pamodzi ndi anzake a ku pulayimale, oonerera atayedzamira mpanda.

Bwalo lawo lili ku Goatenbridge, m'munsi mwa mapiri a Knockmealdown. Tinafika madzulo, dzuwa likadali m'mwamba monga zimakhalira kuno m'chilimwe, ndipo tinapeza ana akuphunzira. Maso anga anapita pa kamnyamata kamene kanali pagolo. Chipewa chinali chachikulu kuposa mutu wake. Mphunzitsi wawo, amene anaoneka kuti wangochokera ku khola la ng'ombe chifukwa anali adakali m'magambutsi, anaika chidebe cha timipira patsogolo pake n'kumamenya kamodzikamodzi, kena pansi, kena m'chiuno, kena m'mwamba. Mwanayo ankaima chonyonyomala pang'ono, ndodo ataigwira mopingasa. Kampira kakabwera pansi ankagoneka ndodo, n'kuika mwendo kumbuyo kwake kuti kakaphonya ndodo kagunde mwendo. Kena kanamumenya pa chala. Anagwedeza dzanja, analiika m'khwapa pang'ono, kenako anabwerera pamzere popanda womuuza.

Pafupi nafe panali bambo wina wachikulire amene anali ndi makiyi a geti. Alamu anawapatsa moni, ndipo tinayamba kucheza. Ndinati, "Bambo, munamuona Cummins akukula?" Anangoloza golo lomwe linali kamnyamatako. Kenako paokha anayambitsa nkhani ya 2007, ndipo mawu awo anasintha.

Chaka chimenecho kochi wa Tipperary anali Babs Keating, katswiri wakale amene anabweretsa zikho za 1989 ndi 1991. Tipperary inakumana ndi Limerick mu semifainolo ya chigawo cha Munster, ndipo analepherana. Pa masewero obwereza Keating anamuika Cummins pa benchi n'kulowetsa Gerry Kennedy, mnyamata wachichepere. Analepherananso, ndipo ulendo wachitatu Limerick inapambana. Chilimwe chonsecho Cummins sanabwererenso pagolo. Anali ndi zaka 32, ali ndi ma All Star atatu. Mu kotafainolo ya dziko lonse Tipperary inatuluka m'manja mwa Wexford, ndipo chigoli chimene chinawapha chinamwetsedwa ndi goloboyi wa Wexford, Damien Fitzhenry, amene anayenda bwalo lonse kudzamenya friikiki pafupi ndi golo. Cummins anaonera zimenezo ali pa benchi.

Bamboyo anati, "Mwana wanga, anthu ambiri ankati kwake kwatha. Koma sanachoke. Ankapitabe kokonzekera, n'kumavala jezi ya wodikirira."

Ine maganizo anga ndi akuti kochi ali ndi ufulu wosankha amene akufuna, ndipo Kennedy sanalakwe kanthu polandira mwayi. Koma pa malo onse a m'bwalo, pagolo ndi pomwe kukhala pa benchi kumawawa kwambiri. Wosewera kutsogolo akhoza kulowa mphindi khumi zomaliza n'kuonetsa kuti akadalipo. Goloboyi wachiwiri amatha chaka chonse osakhudza mpira. Pamenepa palibe ndalama yomutonthoza, palibenso timu ina yoti imugule. Akanatha kungosiya, ndipo palibe akanamudzudzula. Keating anatula pansi udindo, kunabwera Liam Sheedy, ndipo mu 2008 Cummins anabwerera pagolo. Chaka chomwecho Tipperary inatenga ligi ndi chikho cha Munster, ndipo iye anatenga All Star yachinayi.

Bamboyo anandiuzanso kuti atasiya kusewerera boma anapitirizabe ndi kalabu. Mu 2017, ali ndi zaka 42, anali adakali pagolo la Ballybacon-Grange pamene inawina chikho cha gawo la junior m'boma la Tipperary. Anati usiku umenewo m'mudzimo anthu sanagone.

Lachinayi, kumudzi kwa alamu

Mvula yagwa kuyambira usiku osakata. Sitinapite kulikonse. Amayi awo a alamu anaphika mbatatesi, kabichi ndi nyama ya nkhumba, ndipo titadya anati, "Mwana wanga, khala apa uone chimene chinatidwalitsa ndi chimene chinatichiritsa." Anatiikira mafainolo awiri, ya 2009 ndi ya 2010, onse a Tipperary ndi Kilkenny.

Kilkenny ya nthawi imeneyo, pansi pa kochi Brian Cody, inali itatenga chikho mu 2006, 2007 ndi 2008. Mu 2009 Tipperary inasewera bwino kwambiri, ndipo inali patsogolo masewero akupita kumapeto, ngakhale Benny Dunne anali atapatsidwa khadi lofiira. Goloboyi wa Kilkenny, P. J. Ryan, anatchinga zigoli zooneka kuti zalowa kale. Kenako oyimbira anapereka penate imene anthu akuno amaitsutsa mpaka lero. Henry Shefflin anaimenya, inalowa. Pasanathe mphindi ziwiri Martin Comerford anamwetsa china. Zinathera 2-22 kwa 0-23. Amayi anadzuka pa penate ija kupita kukatereka madzi a tiyi. Alamu anandinong'oneza kuti amatero nthawi zonse.

Ndinapempha kuti tibwereze malo ena pang'onopang'ono kuti ndione ntchito ya goloboyi kampira kakatuluka kunja. Iye ndi amene amayambitsanso masewero. Amakatenga m'dzanja, kukaponya m'mwamba pang'ono, n'kukamenya, ndipo m'masewero amodzi amachita zimenezi kambirimbiri. Cummins anali wa dzanja lalitali, kampira kake kankagwera kutsogolo kwenikweni. M'zaka zomwezo Dónal Óg Cusack wa ku Cork anatchukitsa njira yopatsira mnzako wapafupi m'malo momenya kutali, ndipo magoloboyi onse anayenera kuphunzira zonse ziwiri. Ukayang'anitsitsa umaona kuti asanamenye, maso a Cummins amayenda bwalo lonse, ndipo osewera a kutsogolo amakhala akuthamangira kumene wagwirizana nawo.

Fainolo ya 2010 inaseweredwa pa 5 September. Kilkenny inkafuna chikho chachisanu motsatizana, chinthu chimene boma lililonse linali lisanachitepo pa hurling. Tipperary inali itayamba chaka moipa, itakwapulidwa ndi Cork mu Munster, n'kudzera njira ya ogonja. Shefflin anatuluka msanga chifukwa cha bondo. Lar Corbett wa ku Thurles anamwetsa zigoli zitatu, Noel McGrath china. Koma malo amene amayi anaimitsa kanema ndi ena. M'gawo loyamba Tipperary inapatsidwa friikiki kutali, m'dera lawo lomwe. Cummins anatuluka m'golo, ananyamula kampira ndi ndodo, n'kumenya. Kanauluka, anthu onse makosi ali m'mwamba, n'kukadutsa pakati pa mitengo ya Kilkenny. Goloboyi wamwetsa pointi mu fainolo. Zinathera 4-17 kwa 1-18, Eoin Kelly ananyamula chikho, ndipo Cummins anatenga All Star yachisanu, patangopita zaka zitatu chimuikireni pa benchi. Chinalinso chaka chake choyamba kusewera atavala chipewa, ali ndi zaka 35.

Amayi anapukuta misozi ndi nsalu ya m'khitchini. Masewerowa awaonera kosawerengeka.

Lachisanu, Kilkenny

Tawoloka malire kulowa kwa adani a alamu. Kilkenny ndi tauni yokongola, ya linga lalikulu m'mbali mwa mtsinje wa Nore. Ana a sukulu ali pa tchuthi, ndipo m'misewu amayenda ndi ndodo zawo m'manja, ena akumenya kampira pa khoma podikira basi. Boma limeneli lili ndi zikho za dziko lonse 36, kuposa lina lililonse.

Matimu a Kilkenny ndi amene anamuvutitsa Cummins moyo wake wonse wa mpira. Mu semifainolo ya 2003 anakwapula Tipperary 3-18 kwa 0-15, koma iye anatchinga modabwitsa tsiku limenelo, ndipo All Star ya chaka chimenecho inapita kwa iye. Sizichitika kawirikawiri kuti goloboyi wa timu yogonja ndi mapointi 12 alemekezedwe chonchi. Mu 2011 anagonjanso kwa iwo mu fainolo, 2-17 kwa 1-16, m'chilimwe chomwe anaposa mbiri ya Christy Ring wa ku Cork ya kuchuluka kwa masewero a mpikisano waukulu. Mu 2012 zinafika poipa, 4-24 kwa 1-15.

Tinaima kunja kwa bwalo la Nowlan Park. Pano ndi pomwe anasewerera Tipperary komaliza, madzulo otentha a pa 6 July 2013. Wogonja ankatuluka mu mpikisano chilimwe chikadali pakati. Corbett anamwetsa chigoli, kenako anavulala n'kutuluka. Kilkenny inapambana 0-20 kwa 1-14, osamwetsa chigoli ngakhale chimodzi. Miyezi ingapo pambuyo pake Cummins analengeza kuti wapuma, atasewera masewero 73 a mpikisano waukulu, chiwerengero chimene panthawiyo palibe anali atachifika.

Tinadya mwachangu, ndipo alamu anati tinyamuke. Njira ya kumpoto ndi yaitali, yodutsa m'mbali mwa Dublin. Tagona ku Dundalk.

Loweruka, phiri la Annaverna

Chatibweretsa kuno ku boma la Louth ndi mpikisano wina wotchedwa Poc Fada, umene umachitika chaka chilichonse mu August pa mapiri a Cooley. Wa chaka chino unachitika kale, ndiye tangobwera kudzayenda njira yake. Lamulo lake ndi losavuta. Umamenya kampira, kupita pomwe kagwera, kumenyanso, mpaka utazungulira phiri mtunda wa makilomita 5. Wopambana ndi amene wamaliza atamenya kochepa. Anauyambitsa cha m'ma 1960 wansembe wina wa ku Dundalk, potsatira nthano ya makolo awo ya mnyamata Setanta, amene akuti anayenda ulendo wochokera m'dera lino akumenya kampira patsogolo pake. Chikho chake chimatchedwanso ndi dzina la Setanta.

Tinasiya galimoto kumtunda kwa mudzi wa Ravensdale n'kuyamba kukwera. Njirayo anaiika zizindikiro za miyala yopaka utoto wachikasu. Pansi ndi ponyowa, phazi limalowa mpaka m'kakolo, ndipo paliponse pamera timitengo tatifupi tamaluwa ofiirira tomwe timakola nsapato. Nkhosa zili balalabalala. Mphepo yochokera kunyanja imakukankha chammbali, ndipo ikangosintha pang'ono mitambo imatsika n'kuphimba mwala umene umauona patsogolo. Alamu anatulutsa ndodo yawo m'chikwama kuti andionetse. Anaponda pa chitsinde cha udzu, mwendo wina uli m'munsi, n'kumenya mokwera phiri. Mphepo inakabweza kampirako, ndipo tinakafufuza m'thengomo kwa kanthawi. Pa tsiku la mpikisano wosewera aliyense amakhala ndi anthu oyenda patsogolo pake, omuonetsa kolozera ndi kuika chizindikiro pomwe kagwera.

Chakumapeto, potsika, pali chigwembe chakuya. Wosewera amayenera kusankha: kumenya kamodzi kuti kawoloke, kapena kufika kaye m'mphepete n'kuwonjezera kumenya kwina. Kakagwera m'katimo wataya mpikisano. Ndinaima m'mphepete mwake n'kuyang'ana tsidya. Ndi patali ndithu, ndipo pamenepo munthu amafika miyendo itatopa kale ndi phiri.

Magoloboyi ndi amene amakonda kupambana kuno, chifukwa kumenya kutali ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Ger Cunningham wa ku Cork anawina zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana, 1984 mpaka 1990. Davy Fitzgerald anawina mu 1999 ndi 2002. Cummins anawina koyamba mu 2004, ndipo chaka chimenecho anamaliza phiri lonseli atamenya ka 48. Gawani mamita 5,000 ndi 48 muone: pa avereji kumenya kumodzi kunkapitirira mamita 100, pa nthaka yoterera, kukwera ndi kutsika. Anawinanso mu 2006, 2007, 2008, kenako 2011 mpaka 2015, zonse pamodzi kasanu ndi kanayi. Taonani chaka cha 2007 pamenepo. Chilimwe chomwe ankakhala pa benchi ya Tipperary, anakwera phiri lino n'kuposa wina aliyense m'dziko muno. Alamu atandiuza zimenezi tili pamwamba, thupi langa linachita tsemwe.

Mpaka pano sanachoke m'masewerowa. Anapatsidwa timu ya Tipperary ya anyamata osapitirira zaka 20. Mu 2024 anagonja mu fainolo kwa Offaly, ndipo mu 2025 anatenga chikho pogonjetsa Kilkenny pa Nowlan Park pomwe paja. Patangopita milungu ingapo timu yaikulu ya Tipperary inagonjetsa Cork pa Croke Park, 3-27 kwa 1-18, ndipo ena mwa anyamata ake, monga Darragh McCarthy, anali m'bwalo tsiku limenelo.

Potsika tinakambirana za mwana wawo, mphwanga, amene wayamba kumene sukulu. Agogo ake amutumizira kandodo kakang'ono, kali m'galimotomu. Alamu akufunitsitsa atadzavala buluu ndi golide, koma mwanayo anabadwira ku Dublin ndipo akukulira komweko. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Alamu, kwawo ndi kumene kuli anzake. Tikamulembetsa ku kalabu ya pafupi ndi nyumba." Ana aang'ono kumeneko amaphunzira Loweruka m'mawa, ndipo popeza achemwali amagwira ntchito Loweruka, tagwirizana kuti sabata zina ndizimuperekeza ine.